Kodi tichite sewero la nkhondo ya ku Massangano?

FUNSO: Ndine mphunzitsi pasukulu ina kuno ku Furancungo, m'boma la Macanga ku Mozambique. Ife aphunzitsi pamodzi ndi achinyamata takonza zoti anthu akatha kukolola, tidzapatule Loweruka ndi Lamulungu kuti tikumbukire nkhondo ya ku Massangano pochita sewero pabwalo la mpira. Vuto ndi lakuti anyamata onse akufuna kukhala ankhondo a Bonga, palibe amene akulola kukhala Mpwitikizi, ndipo akuluakulu ena akuti kusewera ndi nkhani ya magazi n'kuputa mizimu. Kodi tipitirize kapena tingosiya?
Mphunzitsi, Furancungo

YANKHO: Aphunzitsi, pitirizani, koma muyambe mwawafotokozera anyamatawo nkhani yonse, chifukwa kukana kwawo kukusonyeza kuti anangoimva theka.

Linga la Massangano linali pafupi ndi pamene mtsinje wa Luenha umathira mu Zambezi, kumunsi kwa mzinda wa Tete, ndipo mwini wake, António Vicente da Cruz, amene anthu ankamutcha Bonga, analilandira kwa bambo ake, Nhaude. Pakati pa 1867 ndi 1869 Apwitikizi anatumiza magulu ankhondo kangapo kuti akaligwetse, koma onse anabwerera manja ali m'khosi, mpaka bwanamkubwa wa Tete anafera komweko. Gulu la mu 1869, lomwe linali ndi asilikali ochokera ku Portugal ndi ku Goa (ku India), linathedwa mphamvu ndi malungo komanso njala kuwonjezera pa zipolopolo. Linga limeneli linadzagweratu mu 1888, Bonga atamwalira kale.

Chimene ana ambiri sadziwa n'chakuti ochuluka mwa amene ankamenya nkhondo kumbali ya Apwitikizi, ngakhalenso osenza katundu ndi opalasa mabwato, anali anthu akuda, achikunda, kutanthauza ankhondo a eni minda ena a m'mbali mwa Zambezi. Nayenso Bonga sanali mfumu yopanda banga, pakuti ankalanda katundu wa odutsa pamtsinje, ankachita nawo malonda a akapolo, ndipo mitu ya adani ake ankaizika pansonga za mitengo ya linga kuti aliyense woyandikira achite mantha. Inu a ku Macanga nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri, popeza banja la Pereira, lomwe linkalamulira dera lanulo mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, linkalimbana ndi banja la Bonga. Mwina agogo a mnyamata amene akukana kuukira linga lero ndiwo ankaliukira. Mukawauza zimenezi, ndikukhulupirira kuti kugawa maudindo sikudzavutanso, ndipo ofunika kuvala ngati akuluakulu a asilikali achizungu adzangokhala awiri kapena atatu. Ngati mkangano upitirira, chitani maere.

Mawu a akuluakulu musawanyoze. Ku Marracuene, pafupi ndi Maputo, chaka chilichonse pa 2 February anthu amakumbukira nkhondo ya mu 1895 pamwambo wa Gwaza Muthini, ndipo magule asanayambe amayamba apereka nsembe kwa makolo. Inunso kaonaneni ndi mafumu ndi anyakwawa, muwasiyire kuti asankhe okha ngati kuli koyenera kuthira ufa patsinde pa mtengo m'mawa wa Loweruka. Kumbukiraninso kuti ku Massangano si kwa Achewa, choncho ndi ulemu kuitana munthu wamkulu wochokera kumunsi kwa mtsinje, wolankhula Chinyungwe, kuti adzasimbe mmene kwawo amaikambira nkhaniyi, ngakhale itasiyana ndi zolembedwa m'buku lanu.

Pali nkhondo zina zimene sindingakulangizeni kuzichita sewero. Kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu pa 16 December 1972, komanso nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, n'zilonda zimene eni ake adakali moyo, ndipo mayi amene anathawira ku Dedza atabereka mwana kumbuyo sangakhale pabwalo n'kumaombera m'manja mfuti zoseweretsa. Nkhondo ya ku Massangano yatha zaka zoposa 130, motero anthu angathe kuionera mitima ili m'malo.

Pokonza bwalo, zikani mitengo yaiwisi mothithikana, chifukwa malinga a nthawiyo ankamangidwa ndi mitengo imene inkaphuka n'kusanduka mpanda wamoyo wovuta kuugumula. Mfuti zikhale zosema, mikondo ikhale ya bango, ndipo gogodela weniweni asapezeke pabwalo ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe onga. Adziwitseni apolisi ndi akuluakulu a boma nthawi idakalipo, ndipo mowa udikire mpaka sewero lithe, pakuti mnyamata amene walawa kachasu sachedwa kuiwala kuti amene akumuthamangitsayo ndi mlamu wake. Ine ndikanakonda kuti Loweruka muonetse kupambana kwa Bonga mu 1869, ndipo Lamulungu, anthu akaweruka kutchalitchi, muonetse kugwa kwa linga mu 1888, kenaka mutchule onse amene anafa mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo osenza katundu amene mayina awo sanalembedwe paliponse.