Pemiti yokakhala kunja uku ukugwira ntchito pa laputopu

Mtsikana wina wa ku Kasungu wandilembera imelo, akuti amagwira ntchito ya kampani ya ku Ulaya ali pakhomo, nde akufuna adziwe ngati angapeze pemiti yokakhala kunja. Achemwali, funso lanuli landiponda pachilonda, nchifukwa chake ndatha masiku atatu ndili chete.

Inenso ndinalotapo zimenezi. Ndimakhala pa boma kuno ku Mchinji, ntchito yanga ndi yomasulira ndi kulemba mawu a m'maodiyo, mabwana anga sitinaonanepo maso ndi maso. Magetsi akathima ndimanyamula laputopu kupita kwa mnyamata wina wa sola wochajitsa mafoni, nkukhala pa benchi pakati pa mafoni ambirimbiri uku wailesi ikulira uku amayi akutsatsa zitumbuwa pakhomo, nde tsiku lina bando inandithera fayilo ili theka ndinangoti basi ine zakwana, ndikupita ku Mauritius. Paja kumeneko kuli Premium Visa kuyambira 2020, pemiti yoti ukhale kumeneko uku ukugwirira ntchito mabwana a kunja, ya chaka chimodzi, pofunsira sulipira kanthu, umangosonyeza kuti umalandira madola 1,500 pamwezi ochokera kunja kwa dziko lawo. Miyezi ntchito ikachuluka ndinkafika pa ndalama imeneyi ndithu.

Koma taonani uchitsiru wanga. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 ndinayamba kuuza mabwana kuti ndalama azitumiza kwa msuweni wanga ku Chipata, ine nkumakazitenga, podutsa pa Mwami nkusinthitsa kwa anyamata a pa boda chifukwa reti yawo inali yonona kuposa ya ku banki. Ndinkadziona ngati dolo. Tsiku lokatenga sitetimenti ku banki pepala linatuluka ndi mizere inayi yokha, iwiri inali ya machaji. Munthu wogwira ntchito usiku ndi usana koma pa pepala ndinali lova weniweni, nde ukamuuza ndani kuti ndalama zanga funsani asuweni.

Nde pamenepa ndinene mosapsatira, mavidiyo a pa YouTube a azungu ali m'mbali mwa nyanja ndi laputopu aja sanapangire ife. Mavisa amenewa anapangira anthu oti ndalama ali nazo kale kuti akadyere kumeneko. Estonia inayamba mu 2020, Portugal inabweretsa visa yake yotchedwa D8 mu 2022 ndipo imafuna kuti malipiro anu apose kanayi malipiro otsikitsitsa a m'dzikomo, Namibia imafuna madola 2,000 pamwezi koma imakupatsani miyezi 6 basi. Komanso mukafika kumeneko lendi yake si ya ku Kasungu ayi, ndipo simuloledwa kugwira ganyu ya m'dzikomo kuti muwonjezere. Mayi anga nditawauza za Mauritius anangofunsa ngati kuli chigayo, mpaka pano sindinawayankhe.

Nde muchite chani

Ndalama zizilowa mu akaunti ya dzina lanu mwezi ndi mwezi ngakhale reti ikuwawa. Pemphani kontirakiti yolembedwa yonena kuti mutha kugwirira kulikonse, pasipoti ikhale ndi nthawi yokwanira, mupezeretu inshuwalansi ya chipatala ndi kalata ya ku polisi yoti mulibe mlandu, ndipo fomu lembani nokha pa webusayiti ya boma la dzikolo, adobadoba a pa WhatsApp musawapatse olo tambala.

Ine sitetimenti yanga pano yafika miyezi isanu yooneka bwino, asuweni ku Chipata akwiya chifukwa ya fanta ija inatha.