Yankho kwa amene afunsa za jini ya cystic fibrosis ndi kutentha

Achemwali, mwati atakuyezani ku Johannesburg anakupezani ndi jini (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) imodzi ya cystic fibrosis, matenda obadwa nawo ogwira mapapo ndi m'mimba, ndiye mukuopa kuti kutentha kwa Okutobala kungakugwetseni. Mtima pansi. Jini imodzi si matenda, amadwala ndi amene walandira ziwiri zolakwika, ya bambo ndi ya mayi.

Jiniyo ndi CFTR, anaipeza mu 1989. Ntchito yake ina ndi kubweza mchere m'thupi thukuta lisanatuluke pakhungu. Ikalephera, thukuta limatuluka ndi mchere wambiri, mpaka malaya amauma ndi mizere yoyera m'khwapa. Choopsa n'chakuti munthu wotaya mchere chonchi ludzu silimugwira msanga, ndiye madzi amatha m'thupi iye osadziwa. Inu jini yanu inayo ikugwira ntchito, thukuta lanu silisiyana kwenikweni ndi la ena. Kafukufuku wa ku America wa 2020 anapeza kuti onyamula jini imodzi amapezeka ndi vuto la kutha madzi m'thupi kuposa anzawo, koma ambiri sizimawachitikira n'komwe.

Kuno ku Mzuzu nyengo imatikondera. Muzichenjera mukatsika Chiweta kupita ku Karonga, kapena ku Nkhata Bay masana. Osadikira ludzu, ndipo mukatuluka thukuta kwambiri madzi okha sakwanira, sungunulani Thanzi ORS. Kutsegula m'mimba nthawi yotentha ndiye musakulekerere. Mukamva chizungulire, kukokana kwa minofu kapena mkodzo wachepa n'kuda, khalani pamthunzi. Munthu akayamba kusokonezeka mutu, thamangirani naye kuchipatala.