Kodi kujambula ubongo kungaonetse kuti ndi Parkinson?

Mwafunsa ngati kujambula ubongo kungatsimikize kuti dzanja la bambo anu likunjenjemera chifukwa cha matenda a Parkinson. Kungathandize ndithu, koma osati ndi makina wamba ojambulira m'thupi otchedwa MRI. MRI imangoonetsa kaumbidwe ka ubongo, siiona za dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene amachepa mwa wodwala Parkinson.

Njira yojambulira yoyenera apa ndi DaTscan. Amabaya mumtsempha mankhwala okhala ndi iodine-123, yomwe imatulutsa cheza chimene makina amatha kuona, munthu n'kudikira maola 3 kapena kuposerapo, kenako makina oona chezacho, otchedwa SPECT, n'kujambula. Mankhwalawo amakamatirira kumapeto kwa minyewa ya dopamine, m'chigawo cha ubongo chotchedwa striatum. Kwa munthu wabwinobwino, pachithunzipo pamawala timadontho tiwiri tamichira, tangati ana a chule toyang'anizana. Kwa wodwala Parkinson michira ija imazilala, kawirikawiri kuyambira mbali imodzi, n'kutsala kadontho chabe.

Phindu lake lalikulu n'lakuti imasiyanitsa Parkinson ndi kunjenjemera kwina kotchedwa essential tremor, komwe chithunzi chimaoneka ngati cha munthu wabwinobwino. Koma musaidalire mopitirira, chifukwa matenda ena a ubongo monga multiple system atrophy amaonekanso chimodzimodzi ndi Parkinson pachithunzipo. N'chifukwa chake adokotala amafunabe kuona mmene bambo akuyendera, akutembenukira, ngakhale mmene akulembera. Muwauziretu adokotalawo mankhwala onse amene bambo akumwa, poti ena amasokoneza chithunzicho.