Mphwanga wa ku Bembeke amene ukupita ku kosi ya usilikali, chepetsa liwiro kaye

Mphwanga ndaona funso lako lija, wati kwatsala masabata 10 kuti ukayambe kosi ku MAFCO, koleji ya asilikali ija ya ku Salima, ukuthamanga makilomita atatu tsiku lililonse ndi mphamvu zako zonse koma nthawi siikutsika, phuma likukupeza msanga komanso misongolo yayamba kuwawa, nde anzako akuti uzithamanga utavala majombo ndi chikwama cha mchenga kumsana. Chonde zimenezo usayese, uvulala usanakwere nkomwe basi ya ku Salima.

Vuto lako silakuti ukuthamanga pang'ono ayi, ukuthamanga mwaliwiro kwambiri tsiku ndi tsiku osalipatsa thupi mpata. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, masabata atatu anayi umayamba kumva kusintha, koma mafupa ndi mitsempha ya m'miyendo zimachedwa, zimafuna miyezi. Nde munthu ukamva kuti mpweya ulipo umawonjezera, pamene fupa la msongolo lisanakonzeke kulandira kugunda konseko, nkumayamba kuwawa. Kuwawa ukukumvako ndi chenjezo limenelo. Pakali pano siya kuthamanga masiku 5 mpaka sabata, uziyenda ndawala kapena kupalasa njinga kuti mpweya usatsike. Ndipo tayesa izi lero lomwe, dina ndi chala pafupa pamene pakuwawapo, ngati ululu wafalikira mbali yonse ya mkati mwa msongolo ndipo umachepa ukapuma, zimenezo zimatha ndi kupumula. Koma ngati pali kamalo kamodzi kokha kobaya kwambiri, kamene kakuwawa ngakhale ukungoyenda kapena ukadumpha ndi mwendo umodzi, pita kuchipatala cha boma ku Dedza akakuone, pena limakhala fupa layamba kachimng'alu kakang'ono ndipo limeneli ukalikakamiza ndi brufen umakhala wataya kosi yonse.

Ukayambiranso, masiku anayi pa sabata akwana. Ambiri mwa masiku amenewo uzithamanga pang'onopang'ono moti ungathe kucheza ndi mnzako chiganizo chonse osadukiza, ukaona kuti mawu akuduka ndiye kuti wafulumira, bwerera mmbuyo ngakhale kuyenda kumene mphindi imodzi palibe cholakwika. Ndikudziwa zimachititsa manyazi anthu akamakuona ukuthamanga mwa ulesi chonchi pamene akudziwa kuti ukupita ku usilikali, koma kuthamanga kotereku ndi kumene kumamanga mpweya wa mtunda wautali, ngakhale akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia aja gawo lalikulu la zokonzekera zawo amathamanga mofatsa, liwiro amasungira masiku ochepa.

Usawerenge makilomita, werenga mphindi pa foni. Masiku awiri uzipanga mphindi 25 mpaka 35 mofatsa. Tsiku limodzi, Loweruka kapena Lamulungu, likhale la ulendo wautali, yamba ndi mphindi 30 nkumawonjezera 5 zokha sabata iliyonse mpaka udzafike ola lathunthu, ndipo sabata yachinayi iliyonse uzichepetsako dala kuti miyendo ipezenso mphamvu, apa mpamene anyamata ambiri amalakwitsa chifukwa akaona zikuyenda amalumpha kuchoka pa 30 kufika pa ola limodzi sabata imodzi. Tsiku lachinayilo ndi la liwiro koma liyambe misongolo itasiya kuwawa, mwina sabata yachitatu. Pita pa galaundi ya mpira ya pasukulu, kuzungulira kamodzi bwalo lalikulu ndi mamita pafupifupi 340, tenthetsa thupi mphindi 10 kenako zungulira kamodzi mwamphamvu, uyende theka la bwalo kupuma, ubwerezenso, yamba ndi maulendo 5 uzikafika 8 kapena 10 kumapeto. Mwamphamvu sindikutanthauza kudzipha pa ulendo woyamba ayi, ulendo womaliza uzitha kuuthamanga nthawi yofanana ndi woyamba. Sabata zina m'malo mwa galaundi tenga chitunda, kwathu kuno zitunda sitisowa, kwera mwamphamvu masekondi 45 utsike poyenda. Potsika usamathamange, mtsetse ndi umene umapweteka mawondo ndi misongolo kuposa kukwera.

Malo othamangira sankha misewu yadothi yopita m'midzi kapena njira za m'mphepete mwa minda, dothi ndi lofewa kusiyana ndi phula. M1 ipewe makamaka m'mamawa kukakhala nkhungu, mathiraki a kuboda aja sakuona patali, ngati palibe kuchitira mwina thamanga kudzanja lamanja kuti galimoto zobwera uziziona kutsogolo ndipo uvale chowala.

Tsopano nkhani imene ambiri a kuno kumtunda saiganizira ndi kutentha. Dedza ili pamwamba, boma lenilenilo ndi mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, phiri la Dedza limapitirira 2,000, pamene Salima ili pansi kunyanja pa mamita ngati 500. Ubwino wake ngwakuti iwe wazolowera mpweya wopepuka wa kumapiri, ukatsika kumeneko mapapo ako adzapeza zosavuta, umenewo ndi mwayi wako. Koma iwe ukuthamanga 5 koloko m'mawa ku Bembeke kukuzizira mpaka zala kuuma, thupi lako silidziwa kugwira ntchito padzuwa la kunyanja, nde ukhoza kukhala ndi mpweya wabwino koma nkukomoka ndi kutentha sabata yoyamba. Thupi limatenga masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha. Choncho masabata atatu omaliza uzisuntha maulendo ena ofatsa aja kuwapanga cha m'ma 10 kapena 11 koloko dzuwa litakwera, poyamba mphindi 20 zokha, ndipo ngati uli ndi achibale kumunsi ku Golomoti kapena ku Mtakataka tsika msewu wa Khwekhwelere ukakhaleko sabata imodzi kapena awiri uzikathamangira komweko, nyengo yake ndi yofanana kwambiri ndi ya ku Salima. Ukamva chizungulire, mutu kugunda kapena mseru ima pomwepo ulowe pamthunzi umwe madzi. Madzi uzimwa tsiku lonse osati kudikira ludzu, mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti sukumwa mokwanira, tsiku lotuluka thukuta lambiri Thanzi ORS amathandiza. Kumunsiko udzudzu ngwambiri kuposa kwathu kuno, uzigona m'neti, ndipo thupi likatentha usathamange, kayezetse malungo kaye.

Za majombo ndi chikwama zija, ku kosi adzakupatsa okha nthawi yake ikakwana. Chimene ungachite panopa ndi kuyenda nacho chikwama, kuyenda osati kuthamanga, kamodzi pa sabata ola limodzi, yamba ndi makilogalamu 5 uziwonjezera pang'ono. Ngati majombo uli nawo avale pa ulendo woyendawo kuti mapazi akhwime matuza asadzakuvute, ndi masokosi okhuthala ouma bwino. Pothamanga peza nsapato zothamangira pa kaunjika, uyang'ane kuti pansi pake sipanadyeke mbali imodzi komanso kuphazi kutsale kampata ka chala chimodzi kutsogolo, zampira za mapini zija kapena zophwatalala ayi. Mapushapu, masikwati ndi kunyamuka ndi zala za kuphazi utaima pa sitepe uzipanga katatu pa sabata, chomalizachi chimalimbitsa akatumba nkuteteza misongolo imene ikukuvutayo.

Chakudya usavutike ndi zogula zodula, nsima, kachewere wathu yemweyu, nyemba, soya, mazira, usipa, mtedza ndi masamba zakwana bola uzidya mokhuta makamaka ukangomaliza kuthamanga. Mowa ndi fodya siya kaye, ndipo uzigona maola 8 chifukwa thupi limakonzeka uli mtulo.

Sabata yomaliza chepetsa zonse ndi theka, maulendo awiri atatu afupiafupi basi, ukafike ku Salima miyendo ili yopuma osati yotopa kale. Uyese makilomita atatu ako aja pa wotchi kamodzi kokha pa masabata atatu alionse, njira yomweyo nthawi yomweyo, osati tsiku lililonse. Koma choyamba dina fupalo utiuze ngati ululu uli pamalo amodzi kapena wafalikira, chifukwa tsiku loyambiranso kuthamanga lidalira pamenepo.