Chikwangwani chokha sichikwanira, atsegule kaundula

Achimwene, mwafunsa ngati lilipodi lamulo lokakamiza nyumba zosungiramo zinthu zakale kulemba poyera kuti katundu wakutiwakuti anabedwa nthawi ya ukapolo, komanso ngati kulembako kuli ndi phindu pomwe katunduyo sakubwerera kwa eni ake. Ndiyankha motalikitsa pang'ono, a pagulu pano mundipirire.

Lamulo lomwe anthu amaloza akamakamba nkhaniyi ndi la ku New York. Bwanamkubwa wa kumeneko, Kathy Hochul, analisainira mu Ogasiti 2022. Koma limenelo likunena za zojambula ndi zosema zomwe zinalandidwa ku Ulaya, makamaka kwa Ayuda, mu ulamuliro wa Nazi kuyambira 1933 mpaka 1945. Myuziyamu ikaonetsa chinthu chotere, iyenera kuikapo chikwangwani chooneka bwino chonena kuti mwini wake anachita kulandidwa kapena kukakamizidwa kugulitsa. Litangotuluka, anthu anafunsa kuti nanga za ku Africa bwanji, ndipo ofuna lamulo la katundu wa nthawi ya ukapolo akulondola mapazi omwewo.

Chikwangwanicho ine ndikuchifuna. Koma mawu oti "nthawi ya ukapolo" akalowa m'lamulo mmene alilimu, ife Amalawi tidzabwerako chimanjamanja.

Kwathu akapolo ambiri ankalowera kum'mawa. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja pa zombo, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, ena n'kukathera pamsika wa ku Zanzibar womwe unatsekedwa mu 1873. Chobedwa chinali munthu, ndi mnyanga wa njovu womwe ankamusenzetsa. Minyangayo sinasungidwe m'makabati a galasi, inadulidwa n'kusanduka makiyi a piyano ndi zipeso. Chikwangwani mukachimata pati? Zotsala zooneka ndi maunyolo ndi goli, mtengo wautali wa mphanda uja, khosi la munthu lili pakati, pakamwa pa mphandapo atapingasa kachitsulo kuti mutu usatuluke. Magoli otere ndi omwe Livingstone ndi anzake anacheka ndi sowo pamudzi wa Mbame mu 1861 pomasula anthu 84. Tsono goli likapezeka m'myuziyamu ya ku Ulaya, tinene kuti linabedwa kwa yani? Kwa wogulitsa akapolo uja?

Katundu weniweni wa mafumu, amene amakopa alendo m'mamyuziyamu akuluakulu, wambiri anachoka pambuyo pake, pa nkhondo za atsamunda. Afalansa anafunkha nyumba yachifumu ya Abomey ku Dahomey, komwe lero ndi dziko la Benin, mu 1892. Angerezi anatentha Benin City ya ku Nigeria mu 1897, n'kuthamangitsira mfumu Ovonramwen ku Calabar, n'kusesa zosula zamkuwa zikwizikwi. British Museum yokha ili nazo pafupifupi 900. Kwathu nako nkhondo za Harry Johnston zolimbana ndi Makanjira, Zarafi ndi Mlozi, yemwe ananyongedwa ku Karonga mu 1895, zinkatchedwa zothetsa ukapolo. Ndiye loya wa myuziyamu adzangoimirira n'kunena kuti Britain inaletsa malonda a akapolo kale mu 1807, izi tinazitenga pogonjetsa ogulitsa anthu, lamulo lanu silikutikhudza. Mlandu wathera pompo. Lamulo labwino liyenera kufunsa mmene chinthucho chinachokera m'manja mwa mwini wake, osati chaka chokha.

Pali china chomwe ambiri sitifuna kumva. Mkuwa wambiri wa zosula za ku Benin unachokera ku zibangili zotchedwa manilla, zopindika koma zosatseka, zomwe azungu ankabwera nazo ngati ndalama, ndipo zina mwa zomwe ankagula nazo anali anthu. N'chifukwa chake pomwe myuziyamu ya Smithsonian ya ku Washington inkapereka zosula 29 ku Nigeria mu 2022, ena mwa zidzukulu za akapolo ku America anakana, amvekere mkuwawo ndi mtengo wa makolo athu, nafenso tili ndi gawo. Mafumu a Dahomey nawo analemera ndi malonda omwewo. Chikwangwani choona chiyenera kunena zonse ziwiri, kuti msilikali wachizungu analanda, komanso kuti chumacho chinapezeka bwanji. Lamulo lotere likadzafika kwathu, mayina a mafumu athu ena adzalembedwa nawo. Apa chonde tisayambe zolozana mitundu, pagulu pano tilipo Achewa, Ayao, Angoni, Atumbuka, Alhomwe, ndipo tonse lendi ya kuno ku Joni ikutiwawa mofanana.

Za phindu tsopano. Mukunena zoona, munthu atakubera mbuzi n'kuimangirira chikwangwani chakuti "yobedwa" m'khosi, mbuziyo idakali m'khola mwake. Koma kubweza kuli ndi mipanda yambiri. Lamulo la 1963 limaletsa British Museum kutulutsa katundu wake, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Ku France, kuti zinthu 26 za ku Abomey zibwerere mu 2021, Nyumba ya Malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2020. Ndi mmene zinayenderanso ndi mayi Sarah Baartman a ku South Africa, omwe azungu ankawaonetsa kwa anthu ku Ulaya: mafupa awo anatuluka ku Paris mu 2002 lamulo lawolawo litadutsa, n'kudzaikidwa ku Hankey ku Eastern Cape pa 9 Ogasiti chaka chomwecho. Sungaitanitse chinthu chomwe sukudziwa kuti chili kuti. Kuti myuziyamu ilembe chikwangwani, iyenera kaye kufukula mabuku ake akale, makalata a amishonale ndi a mabwana a boma, n'kuona kuti anabweretsa ndani. Phindu lili pofukulapo.

Pomwe lamulo la New York likuperewera ndi poti limangokhudza zomwe zili pachionetsero, chonsecho katundu wambiri wa mamyuziyamu amakhala m'mabokosi kuseri. Chinthu chovuta angathe kungochibweza m'bokosi, nkhani yazilala. N'chifukwa chake ndimakonda njira ya Digital Benin, yomwe inatsegulidwa pa intaneti mu 2022, ndipo panthawiyo inkasonyeza zinthu za ku Benin zoposa 5,000 zomwe zinali m'malo 131 m'mayiko 20, chilichonse ndi chithunzi ndi mbiri yake. Zoterezi ndi zomwe tikanamenyera ife, kuti wa ku Chichiri kapena ku Karonga atsegule kompyuta n'kuona ng'oma, mikondo, mikanda ndi zigoba za gule zomwe zili kunja. Za gulezo zili ndi vuto lakelake, chifukwa eni dambwe ena sangafune n'komwe kuti zionekere aliyense, chikwangwani chikhalepo kapena ayi.

Kuno ku Johannesburg mutha kuyesa nokha. Mukapita ndi ana ku Museum Africa ku Newtown kapena ku Wits Art Museum ku Braamfontein, werengani kakhadi kali pambali pa chinthu, muone ngati kakutchula wosema, mudzi wake, ndi mmene chinafikira pamenepo. Ngati kakungotchula mtundu ndi dzina la wopereka, funsani ogwira ntchito za nambala yake ya m'kaundula. Lamulo la dziko lino la PAIA, la 2000, limapatsa munthu aliyense ufulu wopempha kuona zolembedwa za mabungwe a boma polemba fomu.