Makodi anayi akungozungulira: nyimboyi ndiyimange bwanji?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti: "G, D, Em ndi C ndimaziyimba bwinobwino pa gitala, mawu ndili nawo, koma ndikapeka nyimbo imangozungulira pamodzimodzi mpaka ine ndemwe kutopa nayo. Kodi ndiphunzire makodi ena?"

Mnzanga, musathamangire makodi atsopano (kodi ndi kagwiridwe ka nsambo zingapo zolira pamodzi, monga G kapena Em). Anayi amenewo anyamula nyimbo zosawerengeka. Chikusowa ndi kusiyana kwa zigawo, kuti womvera azidziwa ndi khutu lokha kuti apa akuuzidwa nkhani, apa nyimbo yafika pachimake.

Ndime ndiyo imanyamula nkhani. Mawu ake amasintha, koma mayimbidwe amakhala omwewo. Kolasi imabwera ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse, ndipo kawirikawiri mutu wa nyimbo umakhala mmenemo. Bridge imabwera kamodzi kokha, nthawi zambiri kolasi yachiwiri ikatha, kudzanena chimene sichinanenedwe. Nyimbo zambiri za pa wailesi zimayenda chonchi: ndime, kolasi, ndime, kolasi, bridge, kolasi.

Tsopano gwirani gitalayo. Pa ndime yambirani pa Em, kenako C, G, D, ndipo kodi iliyonse ikhalitse ma bar awiri (bar imodzi ndi pamene mwawerenga 1, 2, 3, 4). Ikani m'mbali mwa chikhatho chomenyeracho pa nsambo, cha kumene zamangidwira, kuti zizilira motsamwa pang'ono, ndipo muziyimba mawu chapansipansi ngati mukucheza ndi munthu. Mukafika pa kolasi, chotsani chikhathocho, yambirani pa G, muzisintha kodi pa bar iliyonse, mumenye nsambo zonse, mawu akwere ndipo muziwakoka. Simunawonjezere kodi ngakhale imodzi, koma womvera amva kuti nyimbo yatseguka. Ine apa ndimaumirirapo kwambiri, chifukwa opeka ambiri amayamba ndime ndi mphamvu zonse, kolasi n'kusowa pokwera. Chinanso chothandiza: pa bar yomaliza ya ndime menyani D kamodzi n'kuisiya ilire yokha. D amakokera khutu kwa G, choncho kolasi ikagwa imagwa ndi mphamvu.

Pa bridge yambirani pa kodi imene simunayambirepo chigawo china, monga C kapena D, ndipo ikhale yaifupi. Ngati mulibe chatsopano choti munene, isiyeni. Nyimbo siyilephera kukoma chifukwa chosowa bridge.

Njira yophunzirira imene ndimaikhulupirira ndi ya pepala ndi pensulo. Sankhani nyimbo zimene mumazikonda, muzimvetsere mukuwerenga ma bar, n'kulemba kuti poyambira 4, ndime 8, kolasi 8, mpaka kumapeto. Muone kolasi yoyamba ikufika pa sekondi ya chingati, ndiponso chida chiti chalowa kapena chakhala chete. Ngati nyimbo ikugunda ka 120 pa mphindi, ma bar 8 amatenga masekondi 16 okha. Mukadziwa zimenezi mudzaona msanga ngati ndime yanu yatalika mopitirira.

Musaganize kuti ndime ndi kolasi ndiyo njira yokhayo. Pali kamangidwe ka AABA: zigawo zinayi za ma bar 8, zonse pamodzi 32, chachitatu chokha n'kukhala chosiyana. "Over the Rainbow" ya mu 1939 inamangidwa motero. Pali blues ya ma bar 12, ya makodi atatu okha: mu kiyi ya A mumayimba A ma bar anayi, D awiri, A awiri, kenako E, D, A, E bar imodzi imodzi, n'kuyambiranso. Palinso nyimbo za ndime zokhazokha, zotsekera ndi mawu amodzi obwerezabwereza, monga "Blowin' in the Wind" ya Bob Dylan. Ngati mawu anu ndi nkhani yaitali, kamangidwe kameneka kangakuyanjeni kuposa kukakamiza kolasi. Ngakhale nambala 8 si lamulo: ndime ya "Yesterday", imene The Beatles anatulutsa mu 1965, ili ndi ma bar 7, ndipo palibe amamva kuti yapereŵera.

Mukamaliza kusanja nyimbo yanuyo, ijambuleni pa foni, muike gitala pambali, muimvetsere mawa lake. Pamene maganizo anu ayambe kuyendayenda, lembani sekondi yake. Pamenepo ndi pofunika kudula, kapena kusintha kamenyedwe ka dzanja.