Tcheni chafiira ndi dzimbiri: nditsuke kapena ndigule china?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mbale wathu wa kabaza wa njinga yamoto wa ku Machinjiri. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndinapita ku Thyolo kukadwazika mayi ndipo ndinakhalako milungu isanu. Njinga ndinaisiya pakhonde, mvula ikuwazira. Pobwera ndapeza tcheni chonse chafiira ndi dzimbiri, masipoko ndi ekizozi chimodzimodzi. Anzanga pa siteji akuti ndingothira oyilo wakuda wochotsa mu injini, wina akuti ndichiviike mu viniga. Nditani? Ya tcheni chatsopano ndilibe pakali pano."

Achimwene, pepani ndi matendawo, ndikhulupirira mayi akupezako bwino. Za njingayo musataye mtima. Dzimbiri la milungu isanu kawirikawiri limakhala la pamwamba chabe. Kufiira kumene mukukuona pa mbali za tcheni sikundidetsa nkhawa kwenikweni. Chimene chimapha tcheni chili mkati, pa timapini pamene malinki amapindikira, pomwe diso silifika. Choncho musanagule kanthu, yambani mwachiyeza tchenicho ngati chidakali ndi moyo.

Imikani njinga pa sitandi yapakati, injini yozimitsa, giya ili fuli. Zungulizani gudumu la kumbuyo ndi dzanja pang'onopang'ono, maso ali pa tcheni pamene chikutuluka pa sipuloketi, kagudumu ka mano komwe tcheni chimayendapo. Linki yabwino imawongoka yokha. Yogwidwa ndi dzimbiri imatsala yopindika ngati chigongono, ndipo mukaikankha ndi chala imakana. Ikani chizindikiro pa iliyonse yotero. Kenako gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu n'kukokera kwa inu. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha ntchito, dzimbiri likhalepo kapena lisakhalepo. Njinga zambiri za kabaza za 125cc ndi 150cc zimayendera tcheni cha nambala 428, chomwe kuchoka pa pini kufika pa pini inzake ndi mamilimita 12.7. Mukachikoka n'kuyeza kuchoka pa pini yoyamba kufika pa ya nambala 21, chatsopano chimakwana mamilimita 254. Chikapitirira 259 ndiye kuti timapini tadyeka.

Ngati chapambana mayeso amenewa, gulani palafini wa botolo limodzi, mupeze mswachi wakale ndi chisanza. Chabwino koposa n'kuchimasula pa linki yolumikizira, kuchipinda m'beseni lakale ndi kuchisiya mu palafini usiku wonse. M'mawa chikwecheni ndi mswachi uja mbali zonse zinayi, ndipo malinki munaika chizindikiro aja muwapinde uku ndi uku ndi manja. Mudzaona timadzi tofiirira tikutuluka m'mbali mwa pini, kenako linki n'kuyamba kulola. Ikakanabe itagona mu palafini masiku awiri, musaikakamize ndi hamala. Pini yake yadyeka mkati, ndipo tcheni chotere chimadzaduka pokwera chitunda, katundu ali pambuyo.

Chiyanikeni padzuwa chiume gwa musanathire mafuta. Pobwezeretsa, kapini kotsekera linki yolumikizira ija kakhale kuti mbali yake yotseka ikuyang'ana kumene tcheni chikupita. Mukakatembenuza, kadzakodwa penapake n'kuthawa. Musamange kwambiri: pakati pa masipuloketi awiri, cham'munsi, tcheni chizisewera mamilimita 20 mpaka 30, pafupifupi zala ziwiri.

Mukaona timphira tating'ono takuda pakati pa malata a malinki, chimenecho ndi tcheni cha O-ring. Chili ndi girisi wake wotsekeredwa mkati. Chotere musachiviike usiku wonse, musachigwiritse petulo kapena burashi ya waya, mungang'ambe timphirato. Kupukuta ndi palafini pang'ono n'kokwanira.

Tsopano za malangizo a pa siteji. Viniga amadyadi dzimbiri, ndipo ine ndimamugwiritsa ntchito pa mabawuti ndi manati: ndimawaviika usiku, n'kuwatsuka m'madzi a soda wophikira kuti asidi afe, n'kuwapaka mafuta nthawi yomweyo. Koma pa tcheni ayi. Asidi amalowa mkati mwa timapini momwe simungathe kumutsuka bwinobwino, n'kumadyabe chitsulo inu mukuyenda. Oyilo wakuda ndimamvetsa chifukwa chake anthu amamukonda, amapezeka ulere pa galaja iliyonse ku Ndirande kapena ku Limbe. Vuto ndi lakuti ali ndi tizidutswa ta chitsulo ndi mwaye wa mu injini, komanso ndi wopyapyala. Mukangofika pa Chirimba, theka lake lathera pa limu ndi pa thalauzi la kasitomala, lotsalalo lagwira mchenga n'kusanduka phala lonolera. Gulani giya oyilo wa nambala 80 kapena 90. Ndi wolemera, amakhalitsa, ndipo kabotolo kamodzi kamakufikitsani patali. Dontho limodzi pa linki iliyonse, mkati mwa tcheni kumene chimakhudzana ndi mano, kenako pukutani wotsala kunja. Muthire madzulo pofika kunyumba tcheni chidakali chofunda, kuti alowe usiku wonse.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Musathire mafuta kapena kupukuta tcheni injini ikulira, giya italowa. Ndinaona ndi maso anga mnyamata wina wophunzira umakaniko akuchita zimenezi kuti afulumire. Chisanza chinakodwa, chinakoka dzanja, ndipo nsonga za zala ziwiri zinatsala pa sipuloketi. Tinamuthamangitsira ku chipatala cha Gulupu atakulunga dzanja m'malaya ake. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

Masipoko, mahandulo ndi limu ngati n'zonyezimira za kulomu, tengani pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya, mulifinye, muliviike m'madzi n'kukwecha. Ndi lofewa kuposa kulomu, choncho limachotsa timadontho ta dzimbiri osakanda kwambiri. Masipoko muwagogode ndi sipanala limodzilimodzi, lolira mogontha ndi lolefuka kapena lodyeka pamene limalowa mu limu. Ekizozi ipaleni ndi sandipepa mupake penti yopirira moto, chifukwa penti wamba imapsa tsiku lomwelo. Malo amene ambiri amawaiwala ndi mapaipi onyezimira a mashoko a kutsogolo. Kadontho ka dzimbiri pamenepo kamang'amba labala yotsekera oyilo nthawi iliyonse shoko ikatsika, oyilo n'kumachucha kulunjika ku buleki. Pasalazeni mosamala ndi pepala lomwe lija mpaka chikhadabo chisamakodwe.

Suzumiraninso mu thanki ndi tochi. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Thanki ikakhala nthawi yaitali muli petulo wa pansi pokha, makoma ake amachita thukuta n'kuyamba kufiira, zinyenyeswa zake n'kukatseka kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Mukaona zofiira pansi, khuthulani petulo yenseyo, mutsuke kasefa ndi kambale ka pansi pa kabuleta musanalize injini.

Blantyre salekerera chitsulo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula ndi matope, mu Juni ndi Julaye chiperoni chimanyowetsa njinga ngakhale ili pakhonde, kenako fumbi la Okutobala. Ndiye pa ntchito yanuyi musadikire kuti tcheni chiyambe kulira. Thirani mafuta pa makilomita 500 alionse, komanso tsiku lililonse mwayenda m'mvula kapena mwatsukitsa njinga ndi sopo wa ufa, amene amachotsa mafuta onse. Ngati chotchingira tcheni chija munachichotsa chifukwa chinkachita phokoso, chifunefuneni muchibwezeretse. Chimateteza kuposa mafuta alionse.

Ngati muyezo uja waonetsa kuti tcheni chatha, tsukanibe kuti muyendere masiku ochepa, osanyamula awiriawiri kapena matumba a chimanga, uku mukusonkhanitsa ndalama. Pogula mugule tcheni pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa mano akale osongoka ngati minga amadya tcheni chatsopano msanga. Mundilembere mundiuze kuti mwapeza mamilimita angati.